Ndinaima Pakhomo pa Shuga

Malume anga a ku Nsaru anayamba kuwonda nthawi yosoka fodya. Usiku ankatuluka kanayi kapena kasanu kukataya madzi, ndipo chikho sichinkachoka pafupi ndi mphasa yawo. M'mudzi manong'onong'o anali a kachilombo. Ena ankati wina wawachita chipongwe pa nkhani ya malire a munda. Anayezetsa magazi kawiri, kachilombo osapezeka. Chimene chinaulula zoona ndi chilonda cha kuphazi, pomwe anabayidwa ndi chitsa kudimba, chomwe chinatha miyezi iwiri osapola. Titapita nawo ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, namwino anawabaya chala, n'kudontheza magazi pa kapepala, ndipo kachipangizo kanaonetsa nambala yopitirira 20. Anali matenda a shuga. Maso awo anali atayamba kale kuchita chifunga.

Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti matendawa sanagwe tsiku limodzi ngati mvula ya matalala. Amakwawa zaka zambiri munthu akulima, akuvina, osamva kanthu. Ife tinkati shuga ndi wa mabwana a m'tauni odya zonona. Chonsecho kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga wokwera, ndipo akumudzi sanali otetezeka.

Poti ndi magazi amodzi, ndipo zaka 40 ndinali nditadutsa, ndinapita kukayezetsa ku chipatala cha Kabudula ndili bwinobwino. Ichi n'chachilendo kwathu; munthu wamphamvu zake akakhala pa benchi ya chipatala, anzake amafunsa kuti akubisa chiyani. Anandiuza kuti ndibwere m'mawa ndisanadye kanthu kwa maola osachepera 8, ngakhale tiyi kapena thobwa, madzi okha. Nambala yanga inali 6.4.

Namwino anandifotokozera mofatsa. Munthu asanadye, 7.0 kapena kupitirira apo, zikatsimikizika poyezanso tsiku lina, ndiye matenda a shuga. Makina ena amawerenga mwanjira ina, ndipo malire omwewo amaoneka ngati 126. Kuyambira 6.1 mpaka 6.9, malinga ndi bungwe la WHO, ndi pakatikati. "Bambo," anatero, "simunalowe m'nyumbamo, koma mwaima pakhomo."

Pakhomo munthu amatha kubwerera. Ku Finland mu 2001 ndi ku America mu 2002, akafukufuku anaonetsa kuti anthu a pakatikatipa amene anasintha kadyedwe, kuchepetsa thupi ndi kuyenda tsiku ndi tsiku anachepetsa chiopsezo chodwala shuga ndi 58 peresenti. Kusinthako n'kumene kumavuta. Mayi a kunyumba anadandaula nditapempha mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, chifukwa kwa iwo nsima yoyera ndi ulemu wa mwamuna wawo. Kuchepetsa mitanda kuchoka pa inayi kufika pa iwiri, n'kudzaza mbale ndi nkhwani, chisoso ndi nyemba, kunkaoneka ngati pakhomo pagwa umphawi. Kwathu mimba ikatuluka amati zako zayenda. Zakumwa zotsekemera pamsika wa Nsaru ndinasiya, shuga wa mu tiyi ndinadula pang'onopang'ono, ndipo njinga yakapalasa, yomwe ndinaitaya pamene kabaza wa njinga yamoto anafala, ndinaikonzetsa.

Pali masiku omwe munthu amayenda mtunda ndi njala n'kupeza timapepala toyezera tatha. Zimafooketsa, ndipo boma liyenera kutenga timapepalati ngati momwe limatengera zoyezera malungo. Komabe ndimabwereranso.

Malume tsopano amamwa metformin ndipo chilonda chinapola, ngakhale Baibulo amawawerengera ndi mdzukulu. Mlongo wanga wa ku Nambuma, yemwe anabereka mwana wolemera kuposa makilogalamu 4, wavomera kuti Lachiwiri tipite limodzi akayezetse. Ndamukumbutsa kale kuti m'mawawo asalawe phala.