Kusaka makolo a alamu m'mabuku a misewu ku Virginia

Munthu wakuda wa ku America akamatsata mzere wa makolo ake amayenda bwinobwino mpaka chaka cha 1870, kenako njira n'kutsekeka. Chaka chimenecho ndi pamene kalembera wa dzikolo anayamba kulemba mayina a anthu amene kale anali akapolo. Mu 1850 ndi 1860 ankangolemba zaka za kapolo, khungu lake, komanso ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, zonsezi pansi pa dzina la mbuye wake. Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga ndipo amakhala ku Richmond m'chigawo cha Virginia, anali atafika pomwepo. M'kalembera wa 1870 anapeza nkhalamba ina ya dzina la kwawo ikulima munda wa eni m'boma la Albemarle, koma kumbuyo kwa nkhalambayo kunali zii. Nditapita kukawachezera anandiuza kuti ndiwaperekeze, akukasaka m'mabuku okonzera misewu.

Kwathu mbiri ya banja timakaifunsa kwa agogo kapena kwa amfumu, choncho ndinafuna kudziwa kuti msewu ukulowamo bwanji. Alamu anandifotokozera tili ku Library of Virginia, nyumba ya mabuku ndi zolemba zakale imene ili pa Broad Street. Lamulo loyamba la misewu ku Virginia linakhazikitsidwa mu 1632, ndipo kwa zaka zambirimbiri ntchito yolambula misewu inali m'manja mwa khoti la boma lililonse. Kunalibe makontirakitala. Khoti linkasankha munthu mmodzi wa m'deralo kukhala kapitawo wa chigawo cha msewu, tinene kuchokera pachigayo chakuti kufika padooko lakuti, n'kutchula mayina a onse oyenera kumupatsa anthu ogwira ntchito. Kapitawo akalekerera msewu wake n'kuwonongeka, ankaimbidwa mlandu ndi kulipitsidwa chindapusa. Zonsezi kalaliki ankazilemba m'buku la zigamulo za khoti.

Phindu lake lagona pamenepo. Popeza munthu ankatumidwa pa msewu wapafupi ndi kwawo, mndandanda wa mayinawo ndi mndandanda wa anthu oyandikana nyumba. Kalata ya malo imakuuza kuti munthu anagula maekala angapo pakati pa mtengo wakuti ndi mwala wakuti, mitengo imene inagwa kalekale. Buku la msewu limakuuza amene ankapalana naye moto, amenenso nthawi zambiri ndiwo ankakwatirana ndi ana ake ndi kumuchitira umboni polemba wilu.

Mwayi wake ndi woti sitinayambe ndi kulimbana ndi zilembo zopotana za makalaliki akale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, katswiri wa mbiri Nathaniel Mason Pawlett anayamba kukopera zigamulo za misewu zimenezi, boma ndi boma, pansi pa nthambi yofufuza za misewu ya chigawochi, imene masiku ano imatchedwa Virginia Transportation Research Council. Iwo cholinga chawo chinali kudziwa mbiri ya misewu ndi milatho, koma amene akudyerera kwambiri ndi osaka makolo, chifukwa kumapeto kwa buku lililonse kuli mndandanda wa mayina a anthu, mitsinje, zigayo ndi madooko. Mabuku a Albemarle alipo a zaka za 1744 mpaka 1748, kenako n'kudumpha mpaka 1783. Pakatipo panadutsa nkhondo. Mu June 1781 msilikali wa Britain Banastre Tarleton anathira nkhondo tawuni ya Charlottesville, kumene kuli khoti la Albemarle, pofuna kugwira Thomas Jefferson, amene anali bwanamkubwa, pamodzi ndi aphungu a nyumba ya malamulo. Jefferson anathawa, koma mabuku ambiri a khoti anawonongedwa. Anthu a m'boma la Hanover ndiwo anaona zakuda zenizeni: mabuku awo ambiri anapsa ndi moto umene unanyeketsa Richmond mu April 1865.

Tinanyamuka m'mawa kulowera kumadzulo. Alamu anakana kudzera msewu waukulu wa Interstate 64, ati umathamangitsa munthu osaona kanthu. Tinatsata Route 250, imene imayamba ngati Broad Street yomwe ija, n'kudutsa masitolo osatha a ku Short Pump, kenako nkhalango ndi minda ya udzu wa ziweto. Msewu umenewu umayenda pafupi ndi njira yakale ya Three Notch'd Road, imene inalambulidwa m'zaka za m'ma 1730 ndipo ankaizindikira ndi mabala atatu a nkhwangwa pa mitengo ya m'mbali. Malo ena zikwangwani zikadali ndi dzina la Three Chopt Road. Mmodzi wa makapitawo ake oyambirira anali Peter Jefferson, bambo ake a Thomas Jefferson, amene munda wawo wa Shadwell tinaudutsa titayandikira Charlottesville. Mtunda wonse ndi wa makilomita opitirira pang'ono 100.

Panjira alamu anandichenjeza za msampha umene umakola ambiri. Malire a maboma ankasuntha. Goochland inadulidwa ku Henrico mu 1728, Albemarle inadulidwa ku Goochland mu 1744, Fluvanna n'kudulidwa ku Albemarle mu 1777. Banja likhoza kukhala pamalo amodzimodzi osasamuka, koma n'kupezeka m'mabuku a maboma atatu. Wosadziwa amaganiza kuti anthu ake anasowa, chikhalirecho amene anasuntha ndi malire.

Khoti la Albemarle lili pa Court Square, nyumba ya njerwa zofiira imene mbali yake yakale inamangidwa mu 1803. Pabwalo lomweli pankagulitsidwa anthu. Alamu sanafune kuima panja nthawi yaitali, ndipo sindinawafunse chifukwa chake.

Tsopano nkhani imene inandikhudza. M'mabuku a misewu dzina la banja la alamu likupezekamo mobwerezabwereza, koma mwini dzinalo ndi mzungu, mwini munda. Khoti likulamula kuti anthu ake aamuna ogwira ntchito akalambule msewu pansi pa kapitawo wakuti. Mayina a anthuwo palibe. Lamulo la 1785 linkati mwamuna aliyense wa zaka 16 kapena kuposerapo agwire ntchito ya msewu, kupatula amene ali ndi akapolo aamuna awiri kapena kuposerapo a msinkhu umenewo. Wotereyo ankangotumiza akapolo ake, iye n'kutsala pakhonde. Msewu unkayenera kukhala wa mafiti 30 m'lifupi, wopanda zitsa ndi mitengo yogwa. Amene anazula zitsazo buku silikuwadziwa. Likudziwa amene anawatuma. Ndinakumbuka za thangata zimene agogo ankasimba za m'minda ya azungu ku Chiradzulu, koma ndinazisunga mumtima, chifukwa wa thangata ankabwerera kwa mkazi wake madzulo ndipo sankagulitsidwa.

"Alamu, ndiye tavutikiranji ngati anthu anu mulibemo?" ndinafunsa.

"Dikirani, alamu," anatero, chala chili pa mzere. "Azungu a dzina limeneli m'boma lino analipo angapo. Funso langa linali lakuti ndi uti. Taonani mtsinje umene watchulidwa apa."

Mtsinjewo ndi umene agogo awo aakazi ankautchula akamasimba za kumene anabatizidwira achikulire a m'banjamo. Mwa azungu onse a dzina lija, mmodzi yekha ndiye ankatumidwa pa msewu wowoloka mtsinje umenewu. Mayina awiri a anansi ake m'buku la msewu analinso mayina a mabanja akuda olembedwa moyandikana ndi nkhalamba ija m'kalembera wa 1870. Wolemba kalembera ankayenda khomo ndi khomo, choncho oyandikana pa pepala anali oyandikana pamudzi.

Titadziwa mzungu wake, tinapempha buku la mawilu. Mayi wina wa mu ofesi ya kalaliki anatisonyeza pamene pali mabuku olemera ngati njerwa aja, ndipo anatilangiza kuti tisaone wilu yokha koma mndandanda wa chuma cha womwalira. M'menemo ndi mmene akapolo amatchulidwa mayina, chifukwa wowerengera chuma sangasiye katundu wamtengo wosalemba. Tinawapeza pambuyo pa mahatchi ndi makhasu, aliyense ndi mtengo wake m'madola. Pakati pawo panali mnyamata wa dzina loyamba lofanana ndi la nkhalamba ya mu 1870, ndipo zaka zinkagwirizana. Pamwamba pa mnyamatayo panalembedwa mkazi wina ndi mawu akuti ndi ana ake.

Ine ndinali wokonzeka kuwagwira chanza, koma alamu ndi munthu wosamala. Anati mayina oyamba a nthawi imeneyo ankabwerezedwa kwambiri, ndiponso si onse omasulidwa amene anatenga dzina la mbuye wawo womaliza. Chimene tapeza, ati, ndi khomo loyenera kugogoda. Ndikugwirizana nawo. Buku la msewu silinatipatse kholo, koma linachepetsa malo osakapo kuchoka pa boma lonse kufika pa chigwa chimodzi, ndipo imeneyo ndi ntchito yaikulu.

Madzulo tinapita kukaona chigwacho. Msewu wa lero ndi wa phula, ndipo uli m'manja mwa boma la chigawo kuyambira 1932, pamene lamulo lotchedwa Byrd Road Act linalanda maboma ambiri udindo wa misewu yawo. Koma m'nkhalango, pambali pa phulalo, mukuonekabe ngalande yaitali yokumbika ndi mawilo a ngolo, yotsikira pamalo owolokera mtsinje. Chapafupi pali katchalitchi ka Baptist ka anthu akuda, ndipo kumanda kwake miyala ina ili ndi dzina la alamu. Sitinalowe, poti panalibe woti n'kumupempha chilolezo.

Ndinkafuna kuti titsikire ku Lynchburg, kumene John Chilembwe anaphunzira zaubusa kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, poti ndi ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zochepa pa Route 29. Koma dzuwa linali litapendeka, choncho tinabwerera ku Richmond. Chuma cha mzungu uja chinagawidwa pakati pa ana ake, ndipo mwana amene analandira mnyamatayo anakakhala ku Fluvanna. Alamu alembera kale kalata ofesi ya kalaliki wa khoti la Fluvanna ku Palmyra, kupempha kope la chikalata cha kagawidwe ka chumacho.