Thandizo la akazembe lifikenso kwa amayi a nthochi

Mu 2019 boma la America lidayambitsa Academy for Women Entrepreneurs, maphunziro a zamalonda omwe akazembe ake amapereka kwa amayi, ndipo kuno ku Malawi adafika. Ndikuyamika. Vuto ndi loti maphunzirowa, otchedwa DreamBuilder, amachitikira pa intaneti, m'Chingerezi.

Ndimaphunzitsa pasekondale yoyendera, ndiye ndimawadziwa olipira fizi: amayi omwe amalawirira kuchoka ku Kaning'ina atasenza nthochi, masamba kapena nkhuni kupita kumsika wa Mzuzu. Ambiri foni zawo n'zamabatani, ndipo kugula bandulo n'kudya nsima yopanda ndiwo. Komatu phindu amawerengera pamtima, ngongole ya banki m'khonde amabweza osaphonya.

A kazembe, tumizani alangizi olankhula Chitumbuka kumagulu awo tsiku lomwe amasonkha masheya. Fomu ya pa intaneti amayiwa sadzaiona.