Jekete la Bambo

Bambo anabwerako ku Joni ndi zinthu ziŵiri: chifuwa ndi jekete lakuda. Wenela ataletsedwa mu 1974, ndege ija itagwa ku Francistown, sanabwererenso ku migodi. Anakakhala tenanti pa esiteti ina ya fodya kwa Kapelula. Chifuwacho ankayenda nacho ponseponse, koma jekete linkagona m'bokosi lachitsulo kunsi kwa kama, kudikira maliro ndi maukwati.

Amene anakulira m'fodya akulidziŵa dzinja la ku Kasungu. Mvula ikamangirira mu Febuluwale, bale wopachikidwa m'chigafa amachita chuku, ndipo chinyontho chomwecho chimaloŵa m'nyumba, mpaka m'bokosi lotseka. Ife tinkapulumutsa fodya, poti ndiye anali ngongole yathu. Za jekete panalibe wokumbuka.

Tinalitulutsa mu Ogasiti, kutatsala masiku atatu kuti mlongo wanga akwatiwe. Linali ndi mathothomathotho otuŵa, fungo lake ngati la nkhokwe yodontha. Bambo analinunkhiza, nalibweza, osanena kanthu.

Ine ndinali nditangofika kuchokera ku Chancellor College, mutu uli wodzaza. Ndinathamangira ku golosale, nkugula Jik, nkudontheza pachifuwa pa jekete pamene chuku chinachuluka. Chuku chinafadi. Mtundu wa nsalu unafera pomwepo, nkusiya chigamba chofiirira chonga chikhatho cha mwana. Ndinali pafupi kuthirapo viniga kuti mwina zibwerere; mwayi wake amayi anandigwira dzanja. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ziŵirizi zikasakanizana zimatulutsa mpweya wa klorini, woti chifuwa cha bambo sichikanaupirira.

"Mwaphunzira ndithu, achimwene," anatero amayi. Akandilemekeza chotero ndinkadziŵa kuti zinthu zavuta.

Iwo anachita zao mosafulumira. Anatsukuluza malo a Jik aja ndi madzi ambiri, nalisiya jekete kuti liume. Kenaka analikuntha panja, kumene mphepo ikuloŵera, kuti fumbi la chuku lisabwerere m'nyumba. M'maŵa mwake anasungunula viniga pang'ono m'madzi, nalipukuta ndi kansalu mkati ndi kunja, makamaka m'khwapa ndi m'matumba. Analitembenuza, naliyanika padzuŵa tsiku lonse. Usiku analiwaza soda, yemweyu wophikira therere, kuti amwe fungo lotsala, ndipo kutacha anamkutumula, nasita ndi simbi yamakala pamwamba pa nsalu yonyoŵa.

Fungo linatha. Chigamba changa ndicho chinakana.

Pa tsiku la ukwati bambo anavala jekete lao, nanyamula chipewa ndi dzanja lamanja, atachigunditsa pachifuwa. Anachigwira choncho m'tchalitchi, panjira, ngakhale pa perekaniperekani, ndalama akuponya ndi lamanzere. Akuchimuna anayamika kuti sanaonepo mkulu waulemu chotere. Pa chithunzi chokhacho chimene tili nacho, ine ndaima kumbuyo kwao, ndikuyang'ana pansi.