Anapiye amene sindinawaitane

Namondwe wa Freddy atadutsa kuno ku Phalombe mu Malichi 2023, ndinatsala ndi nkhuku zisanu ndi ziwiri: tambala mmodzi, mathadzi anayi ndi misoti iwiri. Khola linagwa usiku ndi madzi otsika m'phiri la Michesi, ndipo zinapulumuka ndi zija zokonda kugona mumtengo wa mango, zomwe ndinkalimbana nazo madzulo aliwonse. Ndinati basi, zomwezi zikwanira kuphera mlendo ndi kugulitsako imodzi pa Migowi mwana akadwala.

Mu Juni chaka chotsatira, chiperoni chili pakati, agogo oyandikana nafe anafika m'mamawa atanyamula chitete chovindikira ndi chitenje.

"Mwanawe, likongwe wandigwirira make dzulo. Ine ndi maso angawa sindingalere. Tenga, tikakula udzandikumbuke."

Munali tianapiye 8 ta masiku awiri, tikulira mopyoza mtima. Mwayi wake, thadzi langa lamawanga linali litangoswa dzulo lake. Linafungatira mazira 11 kwa masiku 21 koma linaswa anayi okha, ena onse anasukusa.

Kupatsa nkhuku ana a inzake kuli ndi njira yake, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Masana osayerekeza. Imaona kuti uyu ndi mlendo, nkumujompha pamutu mpaka kufa. Ine ndinasunga tianapiyeto pafupi ndi moto tsiku lonse, nkudikira mdima wa ndiweyani. Kenaka ndinagwada m'khola wopanda nyali, ndikuchotsa mazira osukusa aja limodzilimodzi, ndipo pamalo pake ndikulowetsa kamwanapiye kunsi kwa phiko, kuchokera kumbuyo. Ukatero umakhala chete nkumvetsera. Ngati kulira kukunka kuchepa, make nkumayankha chapansipansi m'khosi, wawalandira. Ndinakhala pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kutacha thadzi lija linatuluka ndi ana 12 pambuyo, likuwaitanira chakudya mofanana. Izi zimatheka m'masiku oyambirira okha. Sabata ikangotha, nkhuku imakhala itawadziwa ana ake, ndipo anapiye nawonso samvera mayi wachilendo.

Ndisanapume, Lachitatu la sabata yomweyo achimwene anatulukira panjinga ndi katoni yobowola.

"Achemwali, mwayi wa ku Joni wapezeka, ndikunyamuka Lachisanu. Izi ndinagula kuti ndiwete, ndiye ndisiyira ndani?"

Zinali nkhuku za Mikolongwe 12, za masabata asanu ndi limodzi, msinkhu womwe zimagulitsidwira. Dzinali linachokera ku famu ya boma ya Mikolongwe ku Chiradzulu, alangizi amazitcha Black Australorp. Ndi zakuda bii, zimakula thupi, zimaikira kwambiri, koma pa kufungatira ndi zaulesi. M'sabata imodzi, pakhomo pa nkhuku 7 panali 31.

Bambo a kunyumba anati, "Mayi, zitayeni panja zizolowerane ndi zinzake." Ndinakana. Zaka zapitazo ndinagula tambala wokongola pamsika nkumusakaniza tsiku lomwelo, ndipo chitopa chinasesa khola lonse. Amene anaonapo nkhuku itagwetsa mapiko ngati yavala jekete, ikutsegula zobiriwira, khosi litapindika, sachita chibwana ndi nkhuku yachilendo. Za achimwenezo ndinazitsekera m'kitchini yakale kwa masabata awiri, ndi mbale zawozawo. Ndinaitananso wotemera wa m'mudzi mwathu kudzapereka katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ngakhale kamwanapiye. Amabwereza pakatha miyezi inayi, ndipo ndimaonetsetsa kuti zalandira nyengo yotentha isanafike, pamene chitopa chimalusa. Katemerayu amateteza yamoyo, sachiza yodwala kale.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi chakudya. Nkhuku 7 zimadzidyetsa zokha pabwalo ndi kudzala, ungowaza madeya pang'ono. Koma 31 pabwalo lomwelo ndi njala. Madeya okha sakuza mwanapiye, amangomutupitsa chithokomiro. Ndinayamba kupempha fumbi la matemba a ku Chilwa kwa ogulitsa nsomba, lija lotsalira pansi pa thumba, nkumasakaniza ndi madeya ndi mpendadzuwa wosinja. Chiswe ndimatchera: ndimadzaza mphika wosweka ndi ndowe zouma ndi mapesi, kuwaza madzi, nkuuvundikira pafupi ndi chulu. M'mawa ukauvundukula, tianapiye timachita kulimbirana. Madzi ndimaika m'mbale yosaya yokhala ndi timiyala, chifukwa mwanapiye amamira ngakhale m'madzi ofika m'chala, ndipo akanyowa m'chisanu cha Juni sachedwa kufa.

Sizinakule zonse. Awiri anatengedwa ndi mphamba tsiku limene ndinatsegulira make msanga kuti ndithamangire kumaliro, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Kamodzi kanapondedwa ndi make. Ya Mikolongwe imodzi inangofooka nkufa. Kuyambira pamenepo thadzi la ana limakhala m'kampanda ka nsungwi kofolera pamwamba mpaka ana atamera nthenga.

Za Mikolongwe ndinazilowetsa m'khola lalikulu usiku, nkuziika pamtanda pakati pa zinzake. Kujomphana kunalipo masiku atatu, poti nkhuku nazo zili ndi akuluakulu ake, koma nditaika zodyera pawiri zinaleka. Khola ndinalikuza, nkulikweza pamitengo kuti madzi akadzabweranso adzadutse pansi, ndipo ndimawazamo phulusa chifukwa nkhuku zikachuluka utitiri suchedwa.

Mu Disembala ndinasankha misoti itatu yonenepa mwa ana amasiye aja, ndikuimanga miyendo ndi luzi, nkupita nayo kwa agogo. Anaigwira umodziumodzi, akuipapasa pachidale.

"Ndi tomwe tija iti?"

"Ndi tomweto, agogo."

Achimwene akaimba foni amayamba kufunsa za nkhuku zawo asanafunse za ana. Zayamba kuikira, ndipo mazira khumi oyamba ndawaika pansi pa thadzi lamawanga lija. Lero ndi tsiku la 14.