Ulendo wa ku Nyika umayambira ku Biwi

Ku Biwi, mu Lilongwe, nyundo zimayamba kulira m'mamawa. Ndinapititsako Hilux yathu ya dizilo kuti akangosintha oyilo tisananyamuke ulendo wa ku Nyika. Makaniko anapeza zina zitatu: mufyuluta ya dizilo muli madzi, mabuleki atha, eyakoni yafooka.

"Bwana, eyakoniyi idikire mwezi uthe. Koma madziwa akafika ku ma injector, mudzalira."

Ndinawapempha kuti andionetse chilichonse ndi maso, tinagwirizana mtengo asanamasule bawuti, tinakonza ziwirizo.

Mukadutsa ku Rumphi, msewu wa ku Chelinda mbali yaikulu ndi wafumbi, wazitunda, ndipo galaja simuiona. Vuto lomwe munalinyalanyaza m'tauni limakupezani kumeneko, netiweki ikuvuta, mbidzi zikungokuyang'anani.