Mndandanda wa Mjigo

Kwathu ndi kumapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, kumene netiweki ya foni imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa tchalitchi basi. Munthu akafuna kuyankhula ndi mwana wake wa kutauni amakwera pachulupo n'kukweza foni m'mwamba. Ambiri a msinkhu wanga tinachokako. Ena akugulitsa m'magolosale pa Mponela, ena amagwira ntchito ku Kanengo m'nyengo ya fodya, ena ali ku Joni, ndipo ine ndili pasukulu pano. Chimene chimatilumikiza ndi gulu la pa WhatsApp limene anatsegula msuweni wanga. Iye atatopa nalo anandisiyira udindo woliyang'anira.

Kunena zoona, gululo linali logona. Linkadzuka pakagwa maliro, anthu n'kupepesa, kenaka zii. Masiku ena onse munkangobwera zithunzi za maluwa zofunira anthu tsiku labwino. Zimenezi zinkandinyansa, choncho ndinakadandaula kwa mnzanga wina amene anaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta ku Dzaleka, m'boma lomwelo la Dowa. Msasa wa anthu othawa kwawowu unatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene kale panali ndende ya andale, ndipo ndi kumene Remy Gakwaya wa ku Burundi anayambitsa sukulu ya TakenoLAB.

Mnzangayo anandifotokozera kuti makampani opanga mapulogalamu ochezerapo amawerenga zinthu zitatu usana ndi usiku: anthu amene atsegula pulogalamuyo patsiku, nthawi imene akhalapo, ndi kuchuluka kwa zimene alemba. Kanthu kalikonse kamene timaona pafoni kanaikidwa dala. Timizere tiwiri tabuluu timene WhatsApp inabweretsa mu 2014 timauza wotumiza kuti uthenga wake wawerengedwa, motero wowerengayo amachita manyazi kukhala chete. Mu 2022 anawonjezera njira yoponyera voti m'gulu. "Ukafuna kuti gulu lako lidzuke," anatero mnzangayo, "uwapatse anthu chochitira limodzi." Iye anali ndi mawu amodzi a Chingerezi otchulira zonsezi. Monga wophunzira zinenero ndinayesa kuwamasulira, ndipo ndinapeza kuti Chichewa chimawagawa pawiri: pali kutengapo mbali, palinso kukomedwa. Panthawiyo ndinkaona ngati kusiyanaku n'kwa m'kalasi chabe.

Ndinayamba ndi voti ya mpira, Bullets kapena Noma. Usiku umenewo foni yanga sinapume. Anthu anatukwanana mpaka kutchulana za makolo, ndipo m'mawa azakhali anandiimbira kuti bandulo yawo ya sabata yathera kutsitsa zithunzi za osewera mpira amene sakuwadziwa n'komwe. Mnzanga uja ataona kuchuluka kwa mauthengawo anandiyamikira kuti ndakhoza.

Kenaka mu Januwale 2024 mjigo wa m'mudzi mwathu unawonongeka. Ndi wa mtundu wa Afridev, umene chiyambi chake chinali konkuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene unkatchedwa Maldev. Anaukonza kuti anthu a m'mudzi azitha kuumasula okha ndi sipanala n'kusintha timarabala tikatha. Koma ulendo uno panafunika mapaipi ndi ndodo zatsopano, ndipo ndalama za komiti ya mjigo zinaperewera kutali, pakuti kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amayi anabwerera kuzitsime za kudambo m'kati mwa dzinja. Tonse tinkakumbukira kolera wa mu 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho nkhaniyi sinali yoseweretsa.

Apa ndinaona kuti chochitira limodzi chija chapezeka. Ndinalemba mndandanda monga timachitira Amalawi pa maliro ndi pa ukwati: nambala, dzina, ndalama. Munthu akatumiza ndalama kwa msungichuma pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ankakopera mndandandawo, kuwonjezera dzina lake pansi, n'kuutumizanso. Zinayenda modabwitsa. A ku Joni akaponya, a ku Lilongwe sankafuna kutsalira. Ndinakomedwa, ndipo tsiku lachinayi ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Pansi pa mndandandawo ndinalemba mawu akuti "Otsala", n'kundandalika mayina a onse amene anali asanapereke. Ndinkadziwa kuti manyazi amatulutsa ndalama m'thumba, ndipo anatulutsadi. Pofika madzulo otsalawo anali atachepa ndi theka.

Usiku womwewo atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anatuluka m'gulumo. Kuyambira mu 2022 munthu akatuluka m'gulu la WhatsApp uthenga umapita kwa oyang'anira okha, motero amene anaona ndinali ine ndekha. Opanga pulogalamuyo anachita zimenezi pofuna kuti anthu azituluka popanda phokoso. Kwa ine zinali ngati munthu wadzuka pabwalo, wandiyang'ana m'maso, n'kumapita.

Loweruka ndinakwera minibasi mpaka pa Mponela, kenaka kabaza. Ndinawapeza atsibweni m'chigafa akusoka fodya. Ndinakhala pansi, tinalonjerana, ndipo anandifunsa za sukulu ngati palibe chimene chachitika. Nditayamba kupepesa anandidula.

"Mphwanga, mwezi uno ndi uti?"

"Januwale, atsibweni."

"Nanga msika wa fodya amatsegula liti?"

Sindinayankhe, pakuti mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti ndalama ya fodya imaoneka kuyambira mu Epulo, ndipo Januwale ndi mwezi umene nkhokwe imalira. Iwo anapitiriza modekha. Anandikumbutsa kuti pamene mjigowo unkakumbidwa, ndiwo anatuta mchenga kumtsinje ndi ngolo yawo, ndiponso kuti zaka zonsezi sipanala ya mjigo imagona m'nyumba mwawo. "Tsono dzina langa lafika mpaka ku Joni kuti ndine wotsala. Wotsala pa chiyani?"

Pobwerera ndinkaganiza za dima. Kwathu munthu akachulukidwa ndi ntchito ya kumunda amaphika thobwa kapena mowa n'kuitana anzake kuti adzamulimire. Sindikufuna kunama kuti pa dima sipakhala kuwerengana. Anthu amaona ndithu amene sanabwere, ndipo tsiku lake likadzafika amadzamuonetsa. Koma pali zinthu ziwiri zimene mndandanda wanga unalibe. Pa dima aliyense amabwera ndi chimene ali nacho: wina khasu, wina amatunga madzi, nkhalamba imayang'anira ana pamthunzi, ndipo zonsezo zimawerengedwa kuti ndi kubwera. Komanso amene akuwerengawo amadziwa chifukwa chimene uje sanabwerere, kuti mkazi wake ali kuchipatala kapena kuti mbuzi zake zinabedwa. Mndandanda wa pafoni unkadziwa chinthu chimodzi chokha, ndicho ndalama, ndipo unkaulutsa chiweruzo chake kwa anthu amene anachoka kumudzi zaka 10 zapitazo. Vuto linalinso lakuti amene amamwa madzi a pamjigowo, makamaka amayi, ambiri ali ndi mafoni a mabatani kapena alibiretu. Gulu limene linkakambirana za madzi awo linali la ife amene timamwa a pampopi.

Nditabwerera kusukulu ndinasintha zinthu zingapo. Ndinafufuta mawu aja akuti "Otsala". Ndinalengeza kuti pamndandanda padzilembedwa chilichonse chimene munthu wapereka: ndalama, tsiku la ntchito, ngolo, nkhuku yodyetsa mekaniki. Loweruka lililonse ndinkajambula mawu anga kwa mphindi ziwiri kufotokoza pamene tafika, ndipo msuweni wina wa kumudzi ankakwera pachulu paja kutsitsa uthengawo n'kukauseweretsa pamsonkhano wa komiti. Mayankho a amayi ankawajambula pafoni yomweyo n'kuwatumiza Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Ndi m'mawu amenewo mmene tinamvera kuti simenti ya pamalo ochapira inali itang'ambika kalekale ndipo madzi oipa ankabwerera kumjigo, chinthu chimene ife a kutauni sitikanachidziwa. Ndinapemphanso kuti zithunzi za maluwa ziyambe zaima kuti bandulo za anthu zisamathe.

Mauthenga anachepa kwambiri. Mnzanga wa ku Dzaleka ataona foni yanga anaseka n'kunena kuti kukanakhala kukampani akanandichotsa ntchito, popeza anthu tsopano ankalowa m'gulumo kawiri pasabata m'malo mwa kakhumi patsiku. Sindikumutsutsa. Kampani imapindula anthu akakhalitsa pafoni, ndipo miyezo yake imayeza kukomedwa. Ine ndinali ndi mjigo woti ukonzedwe, ndipo sindikudziwa ngati pulogalamu imodzi ingatumikire zonse ziwiri popanda china kulira.

Madzi anatuluka kumapeto kwa Febuluwale. Atsibweni sanabwererenso m'gulu, ndipo sindinayerekeze kuwalowetsamo popanda chilolezo chawo. Koma pamndandanda womaliza umene msuweni anatumiza kuchokera pachulu, pa nambala 31 panali dzina lawo, ndipo kutsogolo kwake kunalembedwa kuti: masiku 3, ngolo ya mchenga, ndi sipanala.