Mpamba Wathu Unathera M'machubu

 Sabata ino tisiye kaye za kaphikidwe ndi kasokedwe, tikambirane za malonda opikula katundu ndi kumagulitsa pang'onopang'ono. Nkhani imene ndikuuzeniyi imandichititsa manyazi, koma mutu ukakula sulewa nkhonya, pakuti amene anali patsogolo pa zonsezi ndine.

M'gulu lathu tilimo amayi 12, ndipo ambiri tinadziwana ku Umanyano, umene anzathu a ku Nkhoma amati Chigwirizano pamene a ku Blantyre amati Mvano. M'chaka cha 2023 tinapangana kuti ndalama za banki m'khonde zisamangogona m'bokosi. Tinayamba kupikula mafuta ophikira ku Jenda, zigubu zitatu za malita 20, n'kumathira m'timachubu tokwana ndiwo za tsiku limodzi. Kaikidwe kathu ka mtengo kanali kosavuta: tinkagawa mtengo wa chigubu ndi chiwerengero cha machubu, n'kuonjezerapo pang'ono. Kapang'onoko ndiko tinkati phindu.

Mu Novembala chaka chomwecho banki yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Tinazimva ndithu pa wailesi, koma tinayesa kuti ndi nkhani ya anthu a ku Lilongwe. Sabata imeneyo mafuta athu anayenda malonda modabwitsa. Anthu ankalambalala magolosale kubwera kwa ife, ndipo ngakhale eni magolosalewo ankatuma ana kudzagula. Pa masiku anayi okha zigubu zonse zinali gwa! kuuma. Tinaimba nthungululu, osadziwa kuti tikusekerera maliro a mpamba wathu.

Amayi msungichuma ananyamula ndalama zonse, mpamba ndi phindu lomwe, ulendo wa ku Jenda. Madzulo anatsika pa kabaza ndi zigubu ziwiri ndi tindalama tochepa totsala. Anafotokoza kuti mitengo yakwera, koma ndani akanamva? Manong'onong'o anayamba, ena nati mwaona malata atsopano pakhitchini pawo. Mayiyu ndi wamasiye, ndipo malatawo anawatumizira ndi mlongo wawo, zimene ine ndinkazidziwa bwino lomwe. Pamsonkhano anaika kiyi wa bokosi pamphasa nachoka akulira. Ine, wapampando, ndinangoti chete kuyang'ana pansi, chifukwa nanenso mumtima ndinkakaikira.

Amene anatitsegula m'maso ndi mwana wa mlongo wanga, amene anabwera pa Khrisimasi kuchokera ku Johannesburg. Inu mukudziwa kuti kuno ku Mzimba mudzi uliwonse uli ndi mwana ku Joni, kuyambira kale m'masiku a Wenela. Iyeyu ntchito yake sindinkaimvetsa kufikira tsiku limenelo. Akuti kuli makampani aakulu okhala ndi makompyuta amphamvu, osazima usana ndi usiku, m'mene amasungamo masamba a pa intaneti a masitolo, masukulu ndi mipingo. Iye amachita lendi malo aakulu m'makompyutamo, nawadula tizigawo, n'kumabwereketsa kwa eni timasitolo pa dzina lake, iwo namulipira mwezi ndi mwezi.

Nditamuuza za mafuta athu anaseka, nati, "Ankhazi," monga tinenera kuno, "malonda anu ndi anga ndi amodzi. Inu mumapikula chigubu, ine ndimapikula malo." Anatinso iyenso anapsa chaka choyamba. Makampani ambiri otere amakopa munthu ndi mtengo wotsika poyamba, koma ikakwana nthawi yolipiranso amatchula mtengo wake weniweni, umene uli wokwera kwambiri. Tsono ena amafuna madola. Iye anali atalonjeza kale makasitomala ake mtengo wa chaka chonse potengera mtengo wonyengerera uja. Sanawerengere tizigawo tosowa mwini, kapena anthu olipira mochedwa, kapenanso tulo take tosokonezedwa ndi mafoni a anthu odandaula usiku.

Kenaka anaitanitsa kope lathu ndi pensulo. Tiyeni tichite limodzi masamu amene anandionetsa, ndi ziwerengero zongoyerekeza. Tinene kuti chigubu mwagula K100,000, ndipo mukuyembekeza machubu 200. Mukuti chubu chakudyerani K500, mukagulitsa K600 mupeza K20,000 yapamwamba. Koma kodi ndi mayi uti anatulutsapo machubu 200 enieni? Ena amatsalira m'chigubu, ena amadontha, ena mwathirira apongozi abwera ndi kabotolo, ndipo simungawakanize. Atuluka 190. Onjezani K6,000 yoyendera, K2,000 ya mapulasitiki ndi K2,000 ya matikiti a pamsika. Zonse pamodzi K110,000. Mwagulitsa K114,000. Phindu lanu ndi K4,000 basi, ndipo mnansi mmodzi akatenga machubu 7 pangongole n'kuiwala, mwagwira ntchito ya sabata yonse yaulere. Apa n'kuti mitengo isanasinthe n'komwe.

Koma mawu ake amene anandilasa ndi akuti mtengo wofunika kuuyang'ana si umene munagulira dzulo, koma umene mukagulire mawa. Eni magolosale aja ankazidziwa zimenezi. Anakweza mitengo tsiku lomwelo, ife tikuwanena kuti ndi akuba, kenaka nadzapikula mafuta athu otchipawo pogwiritsa ntchito ana awo. Sindikuti onse okweza mitengo ndi olungama, iyayi. Alipo adyera amene amabisa katundu kuti asowe. Koma mayi amene agulitsa motchipa kufikira kulephera kudzazanso chigubu sanathandize mudzi, chifukwa mwezi wamawa mudziwo ulibe pogula, nayenso alibe sopo.

Lero chigubu chikafika pakati timayamba taimba foni ku Jenda ndi ku Mzimba boma kufunsa mtengo wa tsikulo, ndipo tikamva kuti wasintha timasintha wathu pomwepo, angakhale anthu ang'ung'udze. Amene wakhala pamsika tsiku lonse timamulembera kangachepe ka thukuta lake tisanawerenge phindu. Za ngongole tikadalimbana nazo, pakuti n'kovuta kukaniza munthu amene munakhala naye pa siwa imodzi. Azibambo nawonso, pepani kunena, ena akaona ndalama m'chitini amayesa zonse n'zodyedwa.

Chaka chatsopano chitangolowa ndinagwira nkhuku, ndinatenga amayi awiri ndi kope lija, kupita kwa amayi msungichuma. Ndinagwada pakhomo, ndinawawerengera masamu onse, ndi kupepesa kaamba ka kukhala chete kwanga. Nkhukuyo analandira ndi manja awiri, natiphikira tiyi. Kiyi anakana. Anadzamutenga mu Malichi, atatiuza kuti ku Jenda sadzapitanso okha, ndipo mpaka lero amapita awiriawiri, n'kubwera ndi lisiti.